Agogo atsala pakhomo, koma tapangana malire

Sabata ino mundilole ndikambe za pakhomo panga, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mwangopuma pantchito mwaima pamphambano yomwe ndinaimapo ine.

Kwathu kuli galimoto imene adzukulu anga anaitcha dzina loti Agogo. Ndi Toyota Corolla ya 1998, ya magiya apamanja, ndipo ndinaigula m'chaka cha 2008 ndi ngongole imene ndinabweza zaka zitatu, uku ndikuchezera mashifiti ausiku kuchipatala. Penti inasuluka padenga, chitseko chimodzi chakumbuyo chimatsegukira kunja kokha, wailesi nayo inasiya kulankhula kalekale. Koma yatinyamula. Maliro, maukwati, matumba a chimanga ochokera kumudzi ku Ntcheu, ngakhale mayi wina wa m'dera lathu amene anatsala pang'ono kuchirira pampando wakumbuyo.

Usiku wina mu June 2024 Agogo anatitaya. Bambo akunyumba ali ndi matenda a shuga. Cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka n'kuwapeza ali thukuta kamukamu, akunjenjemera, akulankhula zosamveka. Ndinadziwa kuti shuga watsika. Popeza ankatha kumeza, ndinawamwetsa madzi a shuga, koma sanatsitsimuke mmene ndinkafunira, ndiye ndinati tithamangire kuchipatala. Kulowa m'galimoto, kupotokola kiyi, inangoti tche, tche, tche, kenako zii. Kukankha ndekha sindikanatha. Anatipulumutsa ndi mnansi wathu amene ndinakamugogodera pawindo pakati pa usiku.

Bambo anapeza bwino. Koma kutacha, mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito ku Lilongwe anaimba foni atapsa mtima. "Amayi, chigalimoto chimenecho chidzakuphetsani. Tengani ndalama za penshoni zija, ine ndiwonjezerapo, tiitanitse ina ku Japan." Sindinamutsutse, poti manthawo ndinali nawo inenso. Kwa masabata awiri ndinkangogona ndi zithunzi za ma Vitz ndi ma Sienta zimene ankanditumizira pa WhatsApp, mtima uli dyokodyoko.

Chimene chinandigwira mkono ndi chizolowezi cha ntchito. Zaka 35 m'mawodi zinandiphunzitsa kuti munthu akakomoka, umayamba wamuyeza usanauze abale chilichonse. Ndiye ndinatengera Agogo kwa makaniko wanga wa ku Ndirande, yemwe wakhala akuigwira kuyambira ili ndi penti yowala.

Vuto la usiku uja silinamutengere mphindi zisanu. Batire inali itatha, ya zaka zinayi, mitu yake itayera mbuu ngati yathiridwa ufa. Ndipo apa ndivomere, kulakwa kunali kwanga. Kwa mwezi wathunthu galimoto inkalira mwaulesi m'mawa, ine n'kumanamizira kuzizira kwa June. Namwino wathunthu kunyalanyaza zizindikiro! Akanakhala wodwala wachita zimenezi ndikanamukalipira.

Ndinati, "Bambo, lero musakonze kanthu. Muiyeze yonse, mundiuze chilungamo, za kuyezako ndikulipirani." Anayeza mphamvu ya masilinda onse anayi, n'kupeza kuti sakusiyana kwenikweni. Anandiuza kuti ndiponde mafuta iye ataima kumbuyo kuyang'ana utsi. Ichi nanunso mutha kuchita panyumba: utsi wabuluu ndiye kuti injini ikudya oyilo, wakuda ndiye kuti ikumwa petulo wopyola muyeso, woyera wochindikala umene susiya ngakhale injini itatentha, madzi n'kumaphwa mu rediyeta, umenewo ndiye woopsa, madzi akulowa mu injini. Kwa Agogo kunalibe chilichonse mwa izi. Kenako analowa pansi ndi tochi, akugogoda zitsulo ndi sipanala kufuna dzimbiri. Anatuluka ndi mndandanda wake: mashoko akutsogolo atha, timapaipi ta labala ta mabuleki tayamba kung'aluka, matayala awiri ndi osalala, ndipo timing belt, imene pa injini yotere imayenera kusinthidwa ikayenda makilomita pafupifupi 100 000, inali itapitirira.

Zonsezo ndi matenda ochizika. Batire, mashoko, kilatchi, mabuleki, matayala, izi zimatha pa galimoto iliyonse, ngakhale yobwera dzulo. Amene amapha galimoto ndi ena: dzimbiri likadya zitsulo zapansi zimene zimagwira thupi lonse, injini ikamamwa oyilo ngati tiyi, galimoto itachitapo ngozi n'kupindika moti imayenda chammbali ngati nkhanu, kapena zipangizo zake zikasowa m'dziko muno. Mnzanga wina amene tinkagwirira limodzi ntchito anagulitsa yake chifukwa ankaona msewu kudzera pansi pa mapazi ake. Ameneyo anachita bwino, ndipo ndikanamuuza kuti aigwiritsitse ndikanamulakwira.

Nditachoka kugalaja ndinakatsegula kope langa. Paja ife anamwino chilichonse timalemba, ndiye kuyambira 2008 tambala iliyonse yolowa mwa Agogo ndimailemba ndi tsiku lake. Ndinawonkhetsa zokonzetsa za zaka zitatu zapitazo, osaphatikizapo petulo, n'kugawa patatu. Abale anga, ndalama ya chaka chimodzi sinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa Vitz imene mwana wanga ankaikonda ija. Chimene chimatinamiza n'choti ndalama yokonzetsera imapweteka kangapo pachaka, ndiye timaikumbukira kwambiri. "Galimoto iyi ikundidyera ndalama," timatero. Ikudya zingati? Ambiri tikafunsidwa timangokanda m'mutu.

Nanga imene timaitcha yatsopanoyo? Tisanamizane. Zambiri zimene timaitanitsa ku Japan zimakhala zitayenda kale zaka khumi kapena kuposerapo m'manja mwa munthu amene sitidzamuona, ndipo makilomita olembedwa pawotchi si nthawi zonse amanena zoona. Mtengo umene mumauona pachithunzi ndi wa madola, ndiponso ndi poyambira chabe. Pali ya sitima mpaka ku Dar es Salaam, ya doko, ya woiyendetsa mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga, msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, kulembetsa nambala, COF, inshuwalansi. Ndipo galimoto yoti mwathiramo penshoni yonse simungagone tulo ili pa inshuwalansi yotchipa ija yongoteteza munthu amene mwamugunda. Walira mvula walira matope.

Onjezerani za kwacha. Mu May 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Penshoni siithamanga limodzi ndi dola. Inde, masipeyala a Agogo nawonso anakwera, koma kukwera kwa mtengo wa mashoko awiri ndi kukwera kwa mtengo wa galimoto yathunthu si zinthu zofanana.

Palinso zina zimene zithunzi sizionetsa. Tigalimoto tambiri tatsopanoti ndi tofupika, pamene msewu wochoka pa M1 kupita kumudzi kwathu nthawi ya dzinja umafuna galimoto yosaopa kukhula mimba. Tambiri tili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Wina akangothiramo wamba, konzekerani kulira. Batire ikafooka, otomatiki simungailize pokankha. Kanyali kakayaka padashibodi, mpaka mupeze wa kompyuta. Pamene Corolla yakaleyi, mukafera pa Balaka kapena pa Zalewa, mnyamata wa pansi pa mtengo amaidziwa ngati mlongo wake.

Koma mwana wanga sanalakwe zonse, ndipo mbali iyi ndi imene inandisowetsa tulo. Galimoto zatsopanoko zimamwa petulo pang'ono, ndipo amene munagonapo pamizere ya mafuta mu 2022 ndi 2024 mukudziwa kufunika kwa lita imodzi. Chachikulu, zili ndi ma airbag angapo ndi mabuleki a ABS amene sakanirira mukaponda modzidzimuka, ndiponso thupi lake linapangidwa kuti lizitenga mphamvu ya ngozi m'malo mwa munthu. Ine ndagwirapo kumalo olandirira ovulala. Ndaonapo zifuwa zophwanyidwa ndi chiwongolero. Agogo alibe zonsezi, ali ndi malamba basi. Munthu amene amayenda Blantyre–Lilongwe sabata ndi sabata, kapena amanyamula ana tsiku lililonse pamsewu waukulu, ndipo ndalama ilipo popanda kugwetsa banja, ndingamuuze kuti agule ndithu. Ine maulendo anga ndi a kutchalitchi, kumsika, kusikelo ya shuga mwezi ndi mwezi, ndi kumudzi kanayi pachaka.

Ndiye tinakhala pansi atatu, ine, bambo ndi mwanayo atabwera kumapeto kwa mwezi. Ndinamuyalira kope ndi mndandanda wa makaniko. Anang'ung'udza, koma ndalama imene ankafuna kuwonjezera ija anavomera kuti ilipire batire, matayala, mabuleki, mashoko ndi timing belt, zonse nthawi imodzi, osati modukizadukiza monga ndinkachitira. Ya penshoni sinakhudzidwe, chifukwa mankhwala a bambo si nthawi zonse amapezeka kuchipatala, ena timagula ku famase.

Tinapangananso malire, ndipo ndinawalemba patsamba lomaliza la kope. Injini kapena giyabokosi ikadzafuna kutsitsidwa, dzimbiri likadzagwira pansi, kapena ikadzatisiya pamsewu kawiri m'chaka chimodzi, Agogo adzapita, ine osalira. Mwezi uliwonse ndimaika kenakake padera kudikira tsikulo. Usiku sindiyendanso pa M1, ndipo ku Lilongwe timakwera basi. Thanki siitsika pansi pa theka. Galimoto imagona itayang'ana kuchitsetso, nthambo zolizira batire zili m'buti, nambala ya mnansi uja ndi ya mnyamata wa takisi zili pakhoma pafupi ndi bedi.

Mwanayo sanaleke kutumiza zithunzi. Dzana wanditumizira ka Sienta kofiira, ndipo kunena zoona n'kokongola. Ndamuyankha kuti akasunge, tidzakaonenso ndikadzawonkhetsa kope mu December.