Valavu ija tinkati inatha ntchito



Amene munakhalapo m'kalasi yanga ya sayansi mukukumbukira kuti tikafika pa mutu wa Electronics, valavu timangoitchula modutsa. Timati kale kunali kabotolo kagalasi kooneka ngati babu, kenako mu 1947 kunabwera transistor, basi nkhani yathera pomwepo. Komatu lero lino ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amagula makina omverera nyimbo odula kuposa galimoto, ndipo m'kati mwake muli mavalavu akuyaka psuu. Chodabwitsa china n'chakuti amazula valavu imene inabwera ndi makinawo n'kuikamo ina yakale ya m'ma 1950, ati kuti nyimbo zizikoma. Mmodzi wa ana anga akale, amene akugwira ntchito ku Britain, matenda amenewa amugwira, ndipo anandifunsa ngati n'chanzeru kutaya ndalama zambiri pa rectifier yakale yoti aike mu DAC yake. Ndaona kuti yankho ndiliike poyera chifukwa likutikhudza tonse amene timaphunzitsa ana kuyesa zinthu asanakhulupirire.

Tiyambe ndi DAC. Nyimbo ya pa CD, pa kompyuta kapena pa foni ndi manambala okhaokha. CD, imene Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, imasunga mawu powayeza ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse umagwera pa imodzi mwa masitepe 65,536. Sipika siidziwa manambala, imafuna magetsi okwera ndi kutsika oti aikankhe. DAC ndiye womasulira pakati pa awiriwa. Foni yanuyo ili nayo, kachipi kochepa kuposa chikhadabo. Makampani ngati LampizatOr ya ku Poland ndi Audio Note ya ku Britain amagwiritsabe chipi pomasulira manambala, koma mawu akatuluka mu chipimo amawadutsitsa mu valavu, ndipo pa makina ena amaika valavu inanso kumbali yolowera magetsi. Mavalavu awiriwa ntchito zawo n'zosiyana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezera.

Valavu yoyamba anaipanga ndi John Ambrose Fleming mu 1904. M'botolo lochotsedwa mpweya muli waya amene akatentha amataya ma electron, ndipo ma electron aja amathamangira ku kachitsulo kotchedwa plate, koma sangabwerere. Ndi chipata cholowera chokha, daiodi yomwe ija timajambula pa bolodi. Mu 1906 Lee de Forest anaonjezera kawaya kachitatu, kotchedwa grid, ndipo valavu inayamba kukweza mawu. Ifenso kuno siyachilendo. Wailesi ija yotchuka ya Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready inapanga mu 1949 kuti anthu azimvera siteshoni ya ku Lusaka, inali ndi mavalavu anayi m'chibekete chooneka ngati sefuliya. Agogo athu ambiri anamva Chinyanja pa wailesi koyamba kudzera mu valavu.

Valavu yokweza mawu, monga 6922 kapena 300B ya Western Electric ya mu 1938, nyimbo imadutsamo ndithu. Ukaisintha, mawu akhoza kusinthadi, ndipo izi zimayezeka ndi zipangizo. Valavu ya mtundu wa triode imakonda kuonjezera pang'ono mawu ena amene ali octave imodzi pamwamba pa mawu enieni, monga mmene amayi ndi abambo amayimbira nyimbo imodzi m'tchalitchi, ena pamwamba ena pansi koma osasemphana. Khutu limakondwa nazo. Ine ndimati kumeneku n'kutendera ndiwo. Mpiru wotendera umakoma, palibe wokana, koma tisamanamizane kuti nsinjiro zinachokera m'munda wa mpiru. Woyimba sanaike mawu amenewo mu situdiyo, waika ndi valavu. Ngati mukuzikonda choncho palibe mlandu.

Nkhani ya rectifier ndiyo yovutirapo, chifukwa mu rectifier simudutsa nyimbo ngakhale pang'ono. Magetsi a pakhoma, ma volts 230 kuno kwathu, amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi. Rectifier imawawongola kuti aziyenda njira imodzi, ma capacitor n'kuwasalaza, kenako n'kupita kukadyetsa valavu yokweza mawu ija. Ndiye munthu wa sayansi akhoza kufulumira kunena kuti onse amene amamva kusiyana akulota. Koma dikirani. Daiodi ya silicon imadya pafupifupi 0.7 volts basi. Valavu ya GZ34, imene ena amaitcha 5AR4, ikamagwira ntchito mokwanira imadya ma volts osafika 20, pamene 5U4G imadya pafupifupi 50. Choncho ukazula imodzi n'kuikapo inzake, mphamvu yofika ku valavu yokweza mawu imakwera kapena kutsika, ndipo valavuyo imayamba kugwira ntchito pa malo ena. Nsinjiro zija zimachuluka kapena kuchepa. Kusiyana kumeneku kulipodi. Kungoti DAC imakoka magetsi ochepa poyerekeza ndi amplifaya, ndiye kusiyanako kumachepa, ndipo ngati wopanga anaikamo regulator yabwino pambuyo pa rectifier, kumangotsala pang'ono kutheratu.

Ndiye funso loyamba limene ndinamufunsa mwana wanga uja silinali lakuti ukumva bwanji. Ndinati tenga multimeter, kapena upite kwa katswiri, uone ngati ma volts akusintha. Funso lachiwiri ndi lachitetezo. GZ34 ndi 5U4G zimalowa pa soketi imodzimodzi ndipo zonse zimatenthetsedwa ndi ma volts 5, koma GZ34 imakoka ma amps 1.9 pamene 5U4G imakoka 3. Thiransifoma imene anaipangira yoyambayo ikhoza kutentha mpaka kupsa ukaisenzetsa yachiwiriyo. GZ34 imatenthanso pang'onopang'ono, choncho magetsi amafika mofatsa, pamene 5U4G imayamba m'masekondi ochepa chabe. Kulowa pa soketi sikutanthauza kuti yaloledwa. Werengani buku la makina anu. Ndipo chonde, m'makina amenewa muli ma volts mazanamazana, ndipo ma capacitor amasunga motowo ngakhale mutazimitsa n'kuzula pulagi. Osapisamo dzanja mwachibwana.

Funso lachitatu ndi la khutu, ndipo ndi limene ndikufuna aphunzitsi anzanga tiligwire. Munthu akalipira ndalama zambiri, n'kudikira phukusi masabata awiri, n'kuona valavu ikuwala mumdima, mtima umakhala utamva kale kukoma khutu lisanamve. Sikuti munthuyo ndi wabodza ayi, tonse tinalengedwa choncho. Komanso n'zodziwika kuti nyimbo ikakwera pang'ono chabe, timaiona ngati yamveka bwino, osazindikira kuti yangokwera. Mankhwala ake ndi omwe aja timaphunzitsa mu labu: sintha chinthu chimodzi, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Yezani kuti mawu akutuluka mofanana pa mavalavu onse awiri. Mnzanu azisintha inu muli panja, aziphimba makinawo ndi chinthu chosagwira moto kapena muwafulatire, ndipo azilemba pa pepala imene waika. Chitani kakhumi, nyimbo yomweyomweyo. Mukalondola kasanu ndi kanayi kapena kakhumi konse, gulani ndi mtima woyera. Mukalondola kasanu kokha, ndiye kuti mwafanana ndi munthu woponya ndalama m'mwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za mtengo nazo tinenepo. GZ34 imene anthu amailimbirana kwambiri ndi ya Mullard, yopangidwa ku Blackburn ku England, ndipo fakitale imeneyo inasiya kalekale kupanga mavalavu. Zotsala zikuchepa chaka ndi chaka, ndiye mtengo ukungokwera. Pamene pali ndalama akamberembere sasowa: ena amatenga valavu wamba kapena yotha n'kuidinda dzina lotchuka. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Chonsecho mavalavu atsopano akupangidwabe ku Slovakia, ku Russia ndi ku China, ngakhale kuti mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba anasowa kwakanthawi ndipo mitengo inalumpha. Atsopanowa amawongola magetsi bwinobwino.

Maganizo anga ndi awa. Ngati muli ndi ndalama zoti muwonjezere kukoma kwa nyimbo m'nyumba mwanu, yambani ndi masipika ndi malo amene mwawaika. Kusuntha sipika kuichotsa pakona, kapena kuyala mkeka ndi kupachika makatani m'chipinda cha simenti, kumasintha mawu moti ngakhale mlendo amamva asanauzidwe, ndipo sikulira tambala. Kenako valavu yokweza mawu. Rectifier ibwere pomaliza, mutayeza ndiponso mutamvetsera osaona. Sindikunyoza okonda mavalavu, inenso ndikaona kamoto kaja m'galasi mtima umachita bwino. Ndikungofuna kuti mwana amene anakhoza sayansi asamagule chinthu chifukwa choti wina wachitamanda ndi mawu okoma.

Pomaliza, pempho. Ngati kumudzi kwanu kuli wailesi yakale ya mavalavu imene ikungodyedwa ndi dzimbiri pansi pa bedi la agogo, musaitaye kudzala ndipo musaiyatse. Ipititseni ku labu ya sukulu imene muli nayo pafupi. Daiodi ya silicon ndi kanthu kakuda kosaoneka m'kati, koma mu valavu mwana amaona ndi maso ake waya wotentha uja ndi plate, ndipo zija za ma electron oyenda njira imodzi zimalowa m'mutu msanga.