Dzanja la Amalume

Amalume athu anathyola tiyi zaka zambiri m'minda ya kutsinde kwa phiri la Mulanje, ndipo ife tonse tinakula tikudya za m'manja mwawo. Atakalamba anayamba kudandaula kuti akakwera chitunda, pachifuwa pamawathina ngati wina wawasanjika mwala. Madokotala anapeza kuti mitsempha yodyetsa mtima yachepa njira, ndipo monga achitira Amalawi ena odwala nthenda yotere, amalume anakalandira chithandizo ku India. Pobwera tinayembekeza kuona chipsera chachikulu pachifuwa. Iwo anangoseka, natisonyeza kadontho pamkono wamanja, pomwe timamangira wotchi. "Ana inu," anatero, "khomo la mtima wanga analipezera apa."

Ndi mmene zimachitikiradi. Dokotala amaboola mtsempha wa magazi umene umagunda m'munsi mwa chala chachikulu, nalowetsa kapaipi kowonda kamene kamakwera ndi mkono mpaka kumtima. Ndi kapaipi kameneka amaona potsekeka, napafutukula. Kale ankalowera kwambiri m'mphechepeche mwa ntchafu, koma m'chaka cha 1989 Dokotala Lucien Campeau wa ku Montreal anaonetsa kuti njira ya pamkono ndi yotheka, ndipo patapita zaka zochepa Dokotala Ferdinand Kiemeneij wa ku Amsterdam anayamba kutsekulira mitsempha ya mtima panjira yomweyo. Njirayi inakondedwa chifukwa wodwala sataya magazi ambiri, ndiponso sachedwa kudzuka pakama.

Patatha miyezi iwiri, madzulo ena tili pakhonde, mmodzi wa ife anagwira mkono wa amalume kuti amve kugunda kwa mtima wochiritsidwawo. Anafunafuna, osamva kanthu. Tinasinthana tonse, koma mkono unali zii. Wamanzere unkagunda bwino lomwe. Usiku umenewo tulo sitinationa, pakuti tinkaganiza kuti dzanja limene linatilera layamba kufa. Eni ake anali phee, akutongola chimanga ndi dzanja lomwelo.

Safunsa anadya phula. M'mawa mwake tinapita nawo kuchipatala, ndipo adokotala atawapima anatikhazika pansi. Anati mtsempha sukhala monga unalili mlendo akadutsamo. Kapaipi kamakhula khungu losalala la m'kati mwake. Pochira, khungulo limakhuthala, njira ya magazi n'kuchepa. Mwa anthu ena, kawirikawiri osafika 10 pa 100 alionse, magazi amaundana ndipo mtsempha umatsekeka. Izi zimachitika makamaka kwa amene mitsempha yawo ili yaing'ono, amene awalowetsa kapaipi kangapo, kapena amene pabala anawamanga mothina nthawi yaitali. Nchifukwa chake madokotala amapereka mankhwala oletsa magazi kuundana, namanga pabala mosatsekereza magazi. Nthawi zina mtsempha wotsekekawo umatsekuka wokha pakapita milungu.

"Nanga dzanjali likukhala bwanji ndi moyo, adokotala?" tinafunsa. Iwo anatembenuza mkono wa amalume, naika zala zathu mbali ya kachala kakang'ono. Pamenepo tinamva kugunda, chapansipansi koma kosalekeza. Dzanja lili ndi mitsempha iwiri yobweretsa magazi, ndipo iwiriyi imakumana m'chikhatho. Umodzi ukatsekeka, unzake umasenza katundu yense mwakachetechete, kotero kuti ambiri sadziwa n'komwe kuti china chasintha.

Ife a ku Mulanje sitinavutike kumvetsa. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu kuno ndi ku Phalombe, midzi ina inafikiridwa podzera tinjira ta miyendo timene tinkatinyoza msewu uli bwino. Njira yachiwiri siiyamikidwa kufikira yoyamba itaduka.

Komabe adokotala sanafune kuti tipite ndi chimwemwe chokha. Anati mtsempha wotayikawo unali chuma. Ukanathandizanso mtima ukadzavuta kachiwiri, ndipo ndi womwewo umene madokotala amaugwiritsa ntchito pokonza njira yosefera magazi impso zikalephera. Tsono amalume ayenera kunena za mkono umenewu kulikonse kumene akapimidwe. Ndipo dzanja likayamba kuzizira, kuyezuka, kuchita dzanzi kapena kupweteka pogwira ntchito, tisadikire kuti kuche kawiri.

Pobwerera kwathu tinali chete, aliyense akulingalira zake. M'banja mwathu, pamene bambo anatisiya tili aang'ono, amalume ndiwo anakhala mtsempha wachiwiri. Anasenza zonse osadandaula, ndipo ife sitinazindikire kuti njira imodzi inali itatsekeka. Mwina m'nyumba mwanunso, owerenga okondedwa, muli wina wotere: agogo, azakhali, kapena mwana wamkulu amene anasiya sukulu kuti anzake aphunzire. Popeza sabuula, timaiwala kuti atsala okha.

Masiku ano tikapita kukacheza, timagwira mkono wa amalume mbali ya kachala kakang'ono, n'kumvetsera. Iwo amatiseka, koma dzanja sachotsa.