Chithunzi chimodzi, manja ambiri

Makolo ambiri kuno ku Angónia amadandaula akaona ana ataweramira foni, kapena atadzazana m'kanyumba ka masewera pamsika, akuthamangitsa galimoto zosamwa petulo. Dandaulo limeneli nlomveka, pakuti alipo ana amene athawa sukulu chifukwa cha zimenezi, ndipo ena adyera komweko ndalama ya chigayo. Koma lero ndati ndikuuzeni za ntchito ina yotuluka m'masewera omwewo.

Ntchito yake ndiyo kumanga chithunzi chachikulu ndi tizithunzi ting'onoting'ono tambirimbiri. Pa Chipwitikizi amati fotomosaico. Ukaima patali uona nkhope kapena phiri, koma ukasendera pafupi upeza kuti kachigawo kalikonse ndi chithunzi pachokha. Nzeru imeneyi si yalero. Mu 1976 Salvador Dalí wa ku Spain anajambula mkazi wake Gala akuyang'ana nyanja, koma ukachionera patali chithunzicho chimasanduka nkhope ya Abraham Lincoln. Mu 1995 Robert Silvers, akuphunzira pa MIT ku America, analemba pulogalamu ya kompyuta yosankha yokha tizithunzito, ndipo mu 1997 anatulutsa buku la zithunzi zotere. Nawo opanga masewera anathandizapo. Gran Turismo 4, imene inatuluka ku Japan mu 2004, inalola wosewera kujambula galimoto yake ngati ali ndi kamera m'manja. Lerolino ngakhale foni yotsika mtengo imasunga chimene chikuoneka pagalasi pake.

Ine ndinazidziwa izi kudzera mwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amakonza mafoni ku Ulónguè. Iye anaphunzira yekha Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu chimene sichigulidwa, nalemba kapulogalamu kake pa kompyuta yakale yothothoka mabatani. Tsiku lina anati, "Amalume, lengezani pa wailesi kuti aliyense wosewera mpikisano wa galimoto atumize chithunzi chake. Ndifuna kumanga mlatho wa Samora Machel wa ku Tete." Ndinalengeza pa nthawi ya achinyamata, ndipo zithunzi zinayamba kufika kuchokera ku Dómuè, ku Calómuè, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Dedza.

Kagwiridwe kake nkotere. Pulogalamu imadula chithunzi cha mlathocho m'timabokosi, tinene mizere 40 ya timabokosi 60, tonse pamodzi 2,400. Kwa kompyuta mtundu uliwonse ndi manambala atatu: kufiira, kubiriwira ndi buluu, iliyonse kuyambira pa 0 kulekeza pa 255. Tsono imaphatikiza manambala a timadontho tonse ta m'kabokosi, nigawa ndi kuchuluka kwake, kuti ipeze mtundu wapakati. Imachita chimodzimodzi ndi chithunzi chilichonse chotumizidwa. Ikatero imafunafuna chithunzi chimene manambala ake ayandikana koposa ndi a kabokosiko, nichiika pamenepo. Mphwanga anaonjezapo lamulo lakuti chithunzi chimodzi chisagundizane ndi chinzake chofanana nacho, kuopa kuti ntchito yonse ingaoneke ngati kapulana ya maluwa obwerezabwereza.

Pamenepa mpamene panabuka vuto. Aliyense anatumiza chithunzi chonyadira: galimoto yofiira kapena yachikasu, yonyezimira padzuwa, ili patsogolo pa zinzake. Koma mlatho sumangika ndi kufiira kokhakokha. Pafunika kuyera kwa mitambo, kuderako kwa madzi a Zambezi, ndi mdima wa kunsi kwa zipilala. Pulogalamu sidziwa wopambana mpikisano, imaona mtundu wokha. Choncho zithunzi zokongolazo zinangounjikana zopanda malo, pamene theka la mlatho linali losoweka choikapo.

Ndinabwereranso pa wailesi kukapempha zimene anthu amachita nazo manyazi: mpikisano wausiku, wamvula, msewu wopanda kanthu, galimoto yogwera kutchire. Zinabwera mwapang'onopang'ono. Mtsikana wina anatumiza chithunzi chosaoneka bwino cha galimoto yotitimira mumchenga, napepesa kuti foni yake njakale. Chithunzi chimenecho ndicho chinakwanira pagombe la mtsinje, pamene zina zonse zinalephera.

Ntchito itatha panali nkhani ya dzina. Anzake anamuuza kuti alembe dzina lake lokha mwa zilembo zazikulu, popeza pulogalamu njake. Iye anakana. Pansi pa chithunzicho anandandalika onse otumiza amene analola kutchulidwa, lake nkukhala limodzi mwa iwo. Sanachigulitsenso, chifukwa zojambula za m'masewerawo zili ndi eni ake, makampani amene anazipanga. Anangochisindikiza pa pepala lalikulu nachipachika pamalo pake pantchito, ndipo ana amabwera kudzasaka kabokosi kawo ndi chala.

Ine ndiona kuti anachita bwino. Kangati m'midzi mwathu timaumba njerwa za sukulu kapena za chipatala, amayi natunga madzi, ana natuta mchenga, koma pa tsiku lotsegulira pamveka dzina limodzi lokha? Chaka chotsatira mfumu ikaitananso anthu ku ntchito, amabwera ochepa, ife nkumati anthu ndi aulesi. Munthu amabwerera kumene dzanja lake linawerengedwa.

Tsono makolo anzanga, sindikuti muwalekerere ana achezere pafoni usiku wonse. Sukulu ndi munda zikhale patsogolo. Koma musanalande foniyo, yambani mwamufunsa mwanayo kuti, "Kodi wapangapo chiyani?" Ngati alibe choonetsa, landani ndithu. Ngati ali nacho, khalani pansi muone. Ndipo inu achinyamata, masamu a kuphatikiza ndi kugawa amene mumawathawa m'kalasi ndi omwewo amene anamanga mlatho uja.