Huta si lamulo

Laisensi ndinaitenga mu Juni 2024, koma kuyendetsa motoka ndinaphunzira pambuyo pake. Ku sukulu ya madiraiva anali kutitengera ku mayadi, m'tumiseu twa zii momwe mungayende mphindi zisanu osakumana ndi njinga. Kumeneko ndinali katswiri. Kubwerera cam'mbuyo pakati pa madiramu, kunyamuka pa citunda, zonse ndinali kucita bwino. Palibe anandiuza kuti mseu wa Lumumba pa 17 koloko ndi dziko lina.

Sindinaphunzire kuti ndizidzionetsera m'komboni. Atate anayendetsa minibasi ya Chawama ndi tauni zaka zoposa 20, kufikira matenda a shuga atayamba kuwaononga maso. Atasiya nchito, cimene cinatsala pakhomo ndi ka Corolla kakale ka magiya a pamanja, kamene kanali kutenga mabokosi a matimati ku Soweto kupita ku kantemba ka amai. Kulipira motoka ya hayala kunali kudya phindu lonse. Ine ndine woyamba kubadwa, motero makiyi anagwera m'manja mwanga.

Caka cimeneco ndi cija ca cilala, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambirimbiri. Malaiti akapita, maloboti ambiri nawo anali kuzima, ndipo pa mphambano aliyense anali kukhala mfumu. Tsiku lina pa Cisanu, katundu anacedwa kufika, ndipo tinacoka ku Soweto dzuwa litapendeka. Nditafika polowera mu Lumumba, phazi linanjenjemera pa kilachi, motoka n'kuzima.

Kumbuyo kwanga kunali minibasi. Huta inalira, inaliranso, kenaka siinaleke. Kondakita anatulutsa mutu pa windo.

"Iwe sisi, unagula laisensi? Yenda!"

Anthu m'basi anaseka. Nkhope yanga inatentha. Ndinaliza injini, kuponya giya, kuponda mafuta, maso ali pa galasi kuyang'ana amene anali kunditukwana. Kutsogolo sindinayang'ane. Amai ndiwo anakuwa. Mnyamata wa wilibala anali kuoloka ndi matumba a unga. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, bampa inagunda wilibala, matumba anagwera pa tala, mnyamatayo anadumphira pambali.

Sanapweteke. Anaimirira, kudzisansa fumbi, n'kundiyang'ana cabe. Anali wa msinkhu wa mlongo wanga wa mu giredi 9. Minibasi ija inakhotera m'mbali mwa mseu, kutizungulira, n'kupita. Amene anandithamangitsa sanaceuke n'komwe. Amai analipira thumba limodzi limene linang'ambika, ndipo tinafika kunyumba matimati a pansi atasanduka supu.

Usiku umenewo ndinaika makiyi pa tebulo. Masabata awiri sindinawakhudze. Amai anabwerera ku hayala, ndipo ndinali kuwaona madzulo akuwerenga ndalama kawiri, ngati kuti zionjezeka. Sanandidzudzule. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Pa Sondo m'mamawa atate anagogoda pa citseko canga.

"Mwana wanga, tenga makiyi. Tiye."

Amai anafunsa ngati munthu wosaona bwino angaphunzitse mnzake mseu. Atate anati maso ndi anga, iwo abweretsa makutu. Anakhala pa mpando wa kutsogolo, kumanga lamba, n'kundiuza kuti tipite ku bwalo la mpira.

Kumeneko anandiuza cinthu cimene sindinayembekezere: ndizimitse motoka mwadala. Ndimasule kilachi msanga kuti izime, kenaka ndiiyambitsenso. Handibuleki, giya pakati, kiyi, giya yoyamba, yang'ana kutsogolo, kumanja, kumanzere, nyamuka. Ndinacita kakhumi. Ulendo wina anayamba kumenya citseko ndi dzanja, kukuwa ngati kondakita, ine n'kudumpha sitepe imodzi. Anati tiyambirenso. Pofika masana, manja anali kudziwa okha cocita, ngakhale mutu utasokonezeka.

Pobwerera ndinawafunsa cifukwa cake anthu a minibasi ali ndi nkhanza conco. Anaseka.

"Si nkhanza. Mwini basi afuna kashing'i yake madzulo alionse. Mafuta agulidwe, kondakita adye. Zotsala ndiye za diraiva. Iwe ukaima, iye aona nsima ya ana ake icepa. Ine ndaliza huta zaka 20, koma sindikumbukira nkhope ya munthu ngakhale mmodzi amene ndinamulizira. Sadana nawe, sakudziwa n'komwe."

Anakhala cete pang'ono, kenaka anaonjezera: "Koma huta si lamulo. Cangu cake n'cake. Ukagunda munthu, ku polisi upita wekha."

Mau amenewo anandimasula. Ndinali kumva huta ngati ciweruzo, ngati tauni yonse yagwirizana kuti mtsikana wa ku Chawama alibe malo pa mseu. Koma inali phokoso la munthu wina amene ali ndi mavuto ake. Ndingamumvere cifundo popanda kumumvera.

Masabata otsatira tinali kucoka pa 05 koloko, mseu usanadzale. Atate anati theka la mantha a pa mseu limayambira kunyumba, pamene wacedwa kunyamuka. Foni anali kuiika m'cikwama ca amai kumbuyo. Wailesi inali yozima, cifukwa iwo anali kumvetsera injini. Ikalira mopitirira, anali kudziwa kuti mtima wanga wathamanga.

"Wagwira mpweya. Puma. Tsitsa mapewa."

Sindidziwa kuti anali kumva bwanji, koma sanaphonyepo.

Anandiphunzitsa kusiya mpata. Motoka ya kutsogolo ikadutsa mtengo wa malaiti, ndiwerenge mofatsa kufika pa 3 ndisanafike pa mtengo womwewo. Ndinaona ngati n'zoculuka, kufikira nditawerengetsa ndekha: pa liwiro la makilomita 60 pa ola, motoka imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Sekondi imene waceukira foni, wadutsa kale nyumba yathunthu ndi mpanda wake. Poima pa mzere, anati ndiziona matayala a kumbuyo a motoka ya kutsogolo pamene akhudza tala. Ikafa pomwepo, ndikhala ndi potulukira. Ndinadandaula kuti ndikasiya mpata, ena alowamo. Anati, "Aleke alowe. Mpata suutha, upanganso wina."

Cinanso cinali kuwerenga minibasi. Indiketa yake usaikhulupirire, anatero. Yang'ana anthu amene aima m'mbali mwa mseu: wina akatukula dzanja, basi iima pomwepo. Yang'ana mutu wa kondakita, ndi matayala a kutsogolo kumene aloza. Basi ikaima, yembekezera kuti munthu atulukira kutsogolo kwake akuthamanga. Pa maloboti ozima, fika, ima, yang'ana diraiva mnzako m'maso, lowa pang'onopang'ono. Zonsezi anazidziwa cifukwa iwo ndiwo anali munthu amene ena anali kumuopa pa mseu.

Malo amene ndinali kuwaopa koposa anali Kafue Roundabout, kumapeto kwa Cairo Road, pafupi ndi Findeco House. Pamenepo pamakumana Kafue Road, Independence Avenue, Ben Bella ndi Cairo, ndipo aliyense amafika ali ndi kwake kothamangira. Lamulo lake n'lapafupi: patsa njira amene ali kale mkati, ocokera kumanja kwako. Covuta n'kudikira mpata wako pamene kumbuyo kuli phokoso. Miyezi iwiri ndinali kuzungulira njira zina kuti ndisapiteko.

Tsiku lina atate anafuna kupita ku tauni masana, ndipo anati tidzera pomwepo. Ndinasankha mzere wanga tikali patali, monga anandiphunzitsira. Ndinafika kutsogolo, ndinaima. Mamotoka anali kubwera osaleka. Huta inayamba. Ndinaona kampata, phazi linafulumira, motoka n'kuzima.

Mtima unagunda monga tsiku lija. Koma manja anayamba okha: handibuleki, giya pakati, kiyi, giya yoyamba. Ndinayang'ana kutsogolo. Mai wina wobereka mwana, beseni la nthoci pamutu, anali kudutsa pakati pa mamotoka, pafupi ndi bampa yanga. Ndinamudikira. Wa kumbuyo anatukwana mpaka makolo anga. Mai uja ataoloka, mpata weniweni unabwera, ndinalowa, kuzungulira, kutulukira mu Cairo.

Ndinadikira kuti atate anene kanthu. Anangofunsa ngati amai aja a vitumbuwa akali kugulitsa pafupi ndi Kulima Tower.

Sindinganame kuti tsopano ndine munthu wofatsa nthawi zonse. Mwezi watha ndinapezeka kumbuyo kwa ka Vitz kokhala ndi cikwangwani ca L, katazima pa maloboti. Ndinali nditacedwa, ndipo dzanja linafika pa huta ndisanaganize. Pa galasi lake ndinaona maso a mnyamata, otuluka ndi mantha. Ndinawadziwa maso amenewo. Ndinacotsa dzanja, maloboti anafiiranso, tinadikira tonse. Ndinafika ku kantemba mphindi zitatu mocedwa, ndipo amai sanazindikire n'komwe.

Masiku ano atate sakwera kawirikawiri. Amakhala pa mpando panja, ndipo ndikamalowa pa geti amamvetsera injini. Nthawi zina amati, "Lero unakwiya ndi ndani?" ndipo amakhala atalasa.

Ndikamadutsa polowera mu Lumumba, ndimayang'ana anyamata a mawilibala. Sindidziwa ngati ndingamuzindikire uja. Onse ndimawadikira aoloke.