Ku Kyalami, kumene hatchi imabayidwa jakisoni osaimanga

Mukatsika sitima ya Gautrain ku Midrand n'kulowera chakumadzulo, tauni imatha pang'onopang'ono. Mukangopitirira bwalo la mpikisano wa magalimoto la Kyalami, zikwangwani za pamsewu zimayamba kuchenjeza za mahatchi. Dera lonselo ndi la makola: mipanda ya mitengo, tinjira ta fumbi m'mbali mwa tala, fungo la ndowe ndi udzu wouma. Amalawi ambiri a ku Joni amagwira ntchito m'makola amenewa, ndipo amene anandiitana ndi mmodzi wa iwo, bambo a ku Ntcheu amene akhala akusamala mahatchi kwa zaka zambiri. Munali mu Sepitembala, dziko litauma gwa, msipu utayera mbee ndi chisanu cha miyezi yapitayo.

"Mwafika tsiku labwino, achimwene," anatero pondilandira pageti. "Lero kubwera adokotala ndi jakisoni. Koma tiyambire kuno."

Tinalowa m'kachipinda ka zakudya. Munali migolo yabuluu yotsekedwa bwino kuopa makoswe, mabelo a udzu wa teff ndi lucerne atasanjidwa mpaka kudenga. Pa misomali ya kukhoma panalendewera timatumba ta m'chiuno, kandodo kokhala ndi mpira wa tenisi kunsonga, ndi kachipangizo kapulasitiki kokwana m'chikhatho. Dzina lake ndi clicker. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala kamene mukakadina ndi chala chachikulu kamalira kuti kete! Bambowo anatapa timibulu ta udzu wogaya m'ndowa imene inali ndi dzina la hatchi, n'kuthira m'kathumba. Anandiuza kuti timibuluto amachotsera pa chakudya cha tsikulo, sawonjezera ayi, chifukwa hatchi ikanenepa kwambiri imadwala ziboda.

Nzeru yake ndi yaifupi. Hatchi ikachita chimene mukufuna, mumaliza clicker nthawi yomweyo, kenako mumaipatsa kachakudya. Kulirako kumaiuza hatchi kuti chimene yachita pa kamphindi kameneko ndicho chabweretsa chakudya. Dzanja lokha silingathe, chifukwa pamene mukupisa m'thumba hatchi yasuntha kale mutu, yaponda kale kwina, ndipo singadziwe chimene mukuyamikira.

Pashelefu panali buku lothimbirira ndi fumbi la Alexandra Kurland, mayi wa ku America amene analemba za kuphunzitsa mahatchi mwa njira imeneyi mu 1998. Mwini khola, mayi wachizungu wa imvi, analitsitsa n'kundifotokozera kumene nzeruyi inachokera. Gwero lake ndi kafukufuku wa B.F. Skinner, amene anaonetsa kuti nyama imabwereza khalidwe limene laipindulira. Ophunzira ake awiri, Keller ndi Marian Breland, anasiya sukulu n'kuyamba bizinesi yophunzitsa nyama zamitundumitundu m'zaka za m'ma 1940. Karen Pryor anagwiritsa ntchito nzeru yomweyo pophunzitsa ma dolphin ku Hawaii m'zaka za m'ma 1960, nyama zimene simungazimange chingwe kapena kuzikwapula, ndipo buku lake la mu 1984, Don't Shoot the Dog!, ndilo linaifikitsa kwa anthu wamba. Eni agalu anaitola msanga. Eni mahatchi anachedwa, poti kuyambira kale hatchi imaphunzitsidwa mwa kuipanikiza ndi chingwe kapena mwendo, n'kumasula ikamvera. Mayiwo sananyoze njira yakaleyo. Anangoti pali zinthu zina zimene kupanikiza kumazikulitsa, makamaka mantha.

Makola ali mumzere, zitseko zake zodulidwa pakati. Pa khola lakumapeto panasuzumira hatchi yofiirira yaitali miyendo, yochokera ku mipikisano yothamanga, imene inali itangobwera kumene. Bambo aja sanalowe. Anaima kunja, chitseko cham'munsi chili chitsekere pakati pa iwo ndi nyama yolemera makilogalamu pafupifupi 500. Anakweza kandodo kaja. Hatchi inayang'ana mpirawo, makutu ali tcheru, inafwenthera, kenako inatambasula khosi n'kuugunda ndi mphuno. Kete! Ndodo inabisidwa kumbuyo, dzanja linapita kuthumba, chakudya chinaperekedwa. Anakwezanso. Ulendo uno hatchi sinazengereze. Anasunthira mpira kumanzere, kenako pansi pafupi ndi chitseko, ndipo mphuno inkautsata konseko. Ndinaona diso la nyamayo likusintha. Poyamba linkangoyendayenda kuyang'ana kothawira, tsopano linali pa mpira basi.

Kenako inachita chimene aliyense woopa njirayi amanena: inasiya mpira n'kuyamba kufwanthula kathumba ndi milomo. Bambowo sanakalipe, sanaimenye pamphuno. Anabwerera phazi limodzi, napinda manja, nangoti phee. Hatchi inayesa kuwafikira, inapalasa pansi, inagunda chitseko ndi bondo. Palibe chinachitika. Itatopa inabweza mutu n'kuyang'ana kutsogolo. Kete! Ndipo chakudya anachipereka atatambasula mkono wonse, kutali ndi thupi lawo, pamalo pamene amafuna kuti mutuwo uzikhala.

"Apa ndi pamene anthu amalakwitsa," anatero. "Ukamadyetsera pafupi ndi thumba, waiphunzitsa kusecha m'matumba. Mawa ikuluma, uziti njira ndi yoipa, chikhalirecho ndi dzanja lako."

Phunziro lonse silinapitirire mphindi zisanu. Anaponya timibulu totsala m'chodyera monga chizindikiro choti zatha, ndipo tinachoka. Ndinaonanso kuti m'khola munali udzu wambiri. Saphunzitsa hatchi ya njala. Nyama imeneyi inalengedwa kuti izidya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse, ndipo ikakhala ndi njala chakudya chimaipengetsa m'malo moiphunzitsa.

Kuseri kwa makola kuli bwalo la mchenga. Pakati pake panali thabwa lalikulu ngati chitseko cha kabati. Hatchi yotuwa yachikulire, yopanda chingwe chilichonse, inayenda yokha n'kukaponda thabwalo ndi miyendo yakutsogolo, n'kuima nji. Mtsikana wina anaizungulira, ananyamula chiboda chilichonse n'kuchikolokosa, anaisisita kumimba, iyo ili chiimire. Atakhudza pachifuwa ndi nsonga za zala inabwerera chafutambuyo mapazi angapo. Atagwira kumbuyo kwa makutu inatsitsa mutu mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda mchenga. Zonsezi n'zosaoneka zapatali, ndipo mlendo wofuna zodabwitsa angakhumudwe. Koma mmisiri wosema ziboda amabwera pafupifupi masabata 6 alionse chaka chonse, ndipo hatchi yoima yokha pathabwa imamupulumutsa msana, mwinanso nthiti.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chili pakhoma la khonde: bolodi lalikulu logawidwa miyezi 12, lolembedwa ndi choko. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti pakhola pano saphunzitsa zimene zawabwerera m'mutu. Nyengo ndiyo imalamula, ndipo phunziro lililonse limayamba miyezi ingapo vuto lake lisanafike.

Mu Epulo ndi Meyi, kusanazizire, amaphunzitsa bulangete. Hatchi imayamba yagunda bulangetelo ndi mphuno lili m'manja, kenako limaikidwa paphewa n'kuchotsedwa, mpaka tsiku limene idzalowetsa yokha mutu. Pofika Juni ndi Julaye, pamene m'mawa madzi a m'ndowa amagwira ayezi pamwamba, nkhaniyo imakhala itatha kale. Miyezi yozizirayo msipu kulibe, choncho timibulu timakhala ta mtengo wapatali m'maso mwa hatchi. Bambo aja anati nthawi imeneyo amasamala koposa: maphunziro aafupi, zakudya zosakoma kwambiri, kaloti ayi, kuopa kuti nyama ingatenthe mutu. Ogasiti ndi wa mphepo ndi moto wolusa. Udzu wa kuno ukauma umayaka ngati wothiridwa parafini, ndipo moto ukayandikira pamafunika kukweza mahatchi onse m'ngolo zokokedwa ndi galimoto mwamsangamsanga. Ngolo yotere ndi yopapatiza, yamdima, pansi pake pamagogoda, zonse zimene hatchi imadana nazo. N'chifukwa chake ngolo imodzi imakhala chitsegukire m'bwalo nyengo yonse yozizira, ndipo hatchi iliyonse imatsata mpira uja phazi limodzi lero, awiri mawa, ikafuna kutuluka imatuluka.

Mvula ikayamba mu Okutobala zinthu zimatembenuka. Msipu ukaphuka, hatchi imayang'ana timibulu touma n'kutembenuza nkhope. Pamenepo mphoto imasintha: kete, kenako amailola kudya udzu wauwisi kwa kamphindi, kapena amaikanda pamwamba pa phewa pamene mahatchi amakandana okhaokha. Masana kumabwera mabingu ndi matalala ogogoda malata, ndipo kutsitsa mutu kuja kumagwira ntchito yake, chifukwa hatchi ya mantha imakweza mutu m'mwamba, ndipo imene inazolowera kuutsitsa ikapemphedwa imapezako pogwira.

Koma mzere wolembedwa ndi choko chofiira unali wa Febuluwale mpaka Meyi. Imeneyo ndi nyengo ya matenda oopsa a mahatchi a mu Africa, amene kuno amangowatchula kuti AHS. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha. Mbidzi ndi abulu a kuno kawirikawiri sadwala nawo kwambiri, koma hatchi yopanda katemera ikagwidwa ndi mtundu wa m'mapapo, mwayi wopulumuka ndi wochepa zedi. Miyezi imeneyo hatchi iliyonse imalowa m'khola dzuwa lisanalowe, imapoperedwa mankhwala othamangitsa tizilombo, ndipo imayezedwa kutentha kwa thupi m'mawa ndi madzulo. Choyezeracho chimalowa pansi pa mchira, ndiye kuti munthu amaima pafupi ndi miyendo yakumbuyo kawiri pa tsiku, tsiku ndi tsiku. Kutentha kukapitirira madigiri 38.5 amaimbira dokotala. Botolo lopopera nalo limaphunzitsidwa kuyambira Disembala: muli madzi okha, amapopera kutali, kete, amasendera pang'ono, kete.

Tili pomwepo, galimoto ya dokotala inalowa. Katemera wa matendawa amaperekedwa pakati pa Juni ndi Okutobala, tizilombo tija titachepa, ndipo amabaya kawiri motalikirana masabata atatu. M'makola ambiri hatchi yoopa jakisoni amaipotokola mlomo wam'mwamba ndi kachingwe ka pamtengo kuti iime. Kuno anatulutsa hatchi yaikazi yakuda imene, malinga ndi bambo aja, kale inkaima ndi miyendo iwiri ikangomva fungo la dokotala. Kwa miyezi anakhala akuikonzekeretsa: kusisita khosi, kutsina khungu, kugunda ndi chivindikiro cha bolopeni, kenako ndi kamtengo kotokosera m'mano, kenako kuitana munthu wachilendo kuti achite zomwezo.

Anaiimika pakhonde, chingwe chili lende paphewa pake. Bambowo anakweza mpira. Hatchi inaika mphuno n'kuisiya pomwepo. Chimenecho ndicho chilolezo chake: mphuno ikakhala pa mpira, dokotala apitirize, ikachoka, aime. Dokotala anasisita khosi, natsina khungu. Mphuno inachoka. Aliyense anaima chilili. Khungu la paphewa linanjenjemera, khutu limodzi linatembenukira kwa dokotala, mpweya unatuluka wautali m'mphuno. Palibe anayankhula. Kenako, mwa yokha, inabwezera mphuno pa mpira. Singano inalowa, mankhwala anatha, kete! Bambowo anapereka dzanja lodzaza, n'kuwonjezera lina, uku akuinong'oneza m'Chichewa kuti, "Wachita bwino, mayi."

Si onse anatero. Hatchi yatsopano ija inali isanafike pamenepo, ndipo katemera sadikira maphunziro. Anaiveka chingwe cha kumutu, anthu awiri anaigwira, ndipo inabayidwa ikuvina. Mwini khola sanabise kuti njirayi imadya nthawi, ndipo nthawiyo kawirikawiri imachokera kwa wantchito amene ali kale ndi makola oti apale ndi mawilibala a ndowe oti akataye. Pakhola pano mphindi zophunzitsira zinalembedwa pa ndandanda ya ntchito, ndipo ine ndikuona kuti popanda zimenezo bolodi lija likanakhala chokongoletsa khoma chabe. Luso limene ndinaona m'manja mwa bambo a ku Ntcheu aja, kudziwa kamphindi koyenera kudina ndi kamphindi koyenera kungokhala chete, ndi luso la mphunzitsi, ndipo liyenera kulipidwa ngati la mphunzitsi.

Pondiperekeza ndinawafunsa ngati zimenezi zingatheke kwathu, kumene mahatchi ndi owerengeka koma abulu ndi ng'ombe za ngolo zili m'midzi yambiri.

"Bwanji osatheka, achimwene? Clicker si yofunika kugula. Ine ndikakhala ndi katundu m'manja ndimangoliza lilime, imamva chimodzimodzi. Botolo la pulasitiki pa kamtengo, madeya pang'ono m'thumba, basi."

Inu amene muli ndi bulu wokana kunyamulidwa mwendo, kapena wothawa akaona alangizi a ziweto, yambani sabata ino, tsiku la katemera lisanalengezedwe. Mudyetseni kaye, muime kunja kwa khola, mumuonetse botolo pa kamtengo, ndipo akangoligunda ndi mphuno lizani lilime musanapise dzanja m'thumba.