Omanga mawebusaiti, dzana ndi lero

Ndinayamba kuphunzira kumanga mawebusaiti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, intaneti isanathe n'komwe zaka khumi m'Malawi muno, poti inafika mu 1997. Inkayenda pa waya wa lamya ya m'nyumba, mwaulesi ndithu, ndipo m'makafe a intaneti a mu Blantyre ndi Limbe ankalipiritsa pa mphindi. Choncho tinkachita zinthu mothamanga. Tinkatsegula tsamba la anthu akunja, kudina View Source, kukopera HTML yonse pa disiketi, n'kukaiwerenga modekha pa kompyuta ina yopanda intaneti. Tinkachotsa mzere umodzi kuti tione chomwe chiwonongeke, kenako n'kuubwezera. Maphunziro athu ambiri anali amenewo.

Ntchito tinkaisaka wapansi, envulopu m'manja, ofesi ndi ofesi. Chovuta sichinali kupikisana ndi anzathu, chifukwa tinali ochepa. Chovuta chinali kufotokozera bwana chomwe webusaiti ili, iye akufunsa kuti, "Nanga aiona ndani?" Funsolo linali lanzeru. Oiona ambiri anali kunja, n'chifukwa chake makasitomala athu oyamba anali mabungwe odalira thandizo lakunja ndi malo ogona alendo a kunyanja, ku Mangochi, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Ankafuna masamba ochepa chabe: ndife ndani, zithunzi, mitengo, keyala. Ukadziwa Dreamweaver, n'kutha kuvinitsa chizindikiro cha kampani ndi Flash, n'kukalembetsa dzina lothera ndi .mw ku SDNP, unali katswiri wathunthu.

Ukatswiri umenewo sunakhalitse. WordPress inabadwa mu 2003, Joomla mu 2005, ndipo zitafala, ntchito yomwe tinkaigwira mwezi wathunthu inayamba kutheka masana amodzi. Flash inazimiririka mpaka kuikidwa m'manda kumapeto kwa 2020. Koma chomwe chinatembenuza zinthu kwenikweni ndi foni. Amalawi ambiri sanadzere pa kompyuta polowa pa intaneti, anangolowera pa foni ya m'manja. Mayi wogulitsa zitenje atatsegula peji ya Facebook n'kumalandira maoda pa WhatsApp, anayamba kufunsa kuti webusaiti ndi yachiyaninso, ndipo nthawi zambiri ankanena zoona. Airtel Money nayo inabwera mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndalama n'kuyamba kuyenda pa foni. Kuyambira pamenepo kasitomala anasiya kufuna tsamba longooneka bwino. Akufuna tsamba logwira ntchito: lolembetsa ophunzira, lolandira fizi, lodziwa katundu watsala m'sitolo.

Panali anthu omwe anaona njira imeneyi ife tikadali pa zithunzi zovina. A Baobab Health, kuyambira kuchipatala chachikulu cha ku Lilongwe chomwe lero ndi Kamuzu Central, anaika timakompyuta tongodina pa sikirini ndi chala, tolembera odwala ndi kusindikiza timapepala tomata m'buku la kuchipatala. Mapulogalamu ake ambiri ankalembedwa ndi anyamata ndi atsikana a konkuno. Chomwe chimandigwira mtima pa ntchito imeneyo n'chakuti inayambira pa namwino wotopa yemwe ali ndi mzere wa odwala pakhomo, yemwe sanaphunzirepo kutayipa, m'chipinda momwe magetsi angathime nthawi ina iliyonse. Omangawo anayamba ayang'ana munthuyo, code n'kubwera pambuyo. Mpaka lero sindinaone sukulu ya luso limeneli yoposa imeneyo.

Achinyamata a lero ali ndi zomwe ife tinkangozilota. Kuli madigiri a zamakompyuta ku Mzuni, ku MUST ya ku Thyolo yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndi ku MUBAS, yomwe ife tinkaidziwa ngati Poly. Ku Lilongwe kuli mHub, yomwe anayambitsa a Rachel Sibande, komwe ana ndi atsikana ambiri agwirako kiyibodi koyamba. Maphunziro aulere ali mbwee pa YouTube. Munthu amaika ntchito zake pa GitHub, n'kupeza ganyu pa Upwork ali ku Area 25 kapena ku Chibavi, makamaka chiyambireni mliri wa Covid-19 mu 2020, pamene makampani akunja anazolowera kulemba munthu ntchito asanamuonepo maso ndi maso.

Koma khomo lomwe latsegukira mwana wa ku Ndirande latsegukiranso wa ku Lagos, ku Nairobi ndi ku Bangalore, ndipo wathuyu amalowa mpikisanowo atasenza katundu. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndinaona achinyamata akugona usana n'kumagwira ntchito pakati pa usiku, nthawi yomwe magetsi ayaka. Hosting, malo osungirapo webusaiti pa intaneti, imalipiridwa m'madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yomwe anthu anagwirizana ndi makasitomala kumayambiriro kwa chaka inasanduka ngongole. Kulandira malipiro ochokera kunja nako n'chintchito pachokha. Pamwamba pa zonsezi, chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, makina akulemba okha code yomwe kale wophunzira ankayambirapo kupeza ya sopo. Zimandidetsa nkhawa, chifukwa munthu amakula ndi tintchito ting'onoting'ono, ndipo n'timeneto tikutha.

Komabe pali ntchito yomwe sindinaione ikuchepa. Wina ayenera kukhala pansi ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mchinji, kumvetsa mmene amalembera matumba m'kope, n'kumanga chinthu chotseguka pa foni yotchipa, netiweki ili mzere umodzi, chosadya bandulo, cholankhula Chichewa kapena Chitumbuka, cholandira ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money. Wa ku Bangalore sadziwa kuti mlimi wa ku Mchinji amabwereka foni kwa mwana wake madzulo. Mwana wa konkuno amadziwa, ndipo pamenepo mpomwe pali mwayi wake.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona chilengezo cha ntchito m'nyuzipepala chikufuna digiri ndi zaka zisanu za luntha pa ntchito ya munthu wongoyamba kumene. Ena mwa akatswiri omwe ndagwira nawo ntchito alibe pepala lililonse loposa MSCE, koma zomwe anamanga zikugwirabe ntchito. Inu olemba anthu ntchito, musanafunse satifiketi, muuzeni wachinyamatayo akuonetseni chomwe wamanga. Chitseguleni pa foni yanu, pa bandulo yanu, ndipo chikatseguka bwino, mulembeni ntchito n'kumulipira mokwanira.