Masiku anga oyamba ndi Four Last Things

Lolemba

Mnzanga wandiikira pa laputopu gemu yotchedwa Four Last Things. Anaipanga ndi Joe Richardson wa ku Britain, ndipo inatuluka mu 2017. Magemu omwe ndinazolowera ndi a mpira ndi a magalimoto, ofuna zala zachangu. Ino sifuna liwiro. Umaloza chinthu ndi mausi n'kudina, kenako umasankha kuchiyang'ana, kulankhula nacho kapena kuchigwira. Zomwe watola umayenda nazo mpaka utapeza pozigwiritsa ntchito.

Anthu, nyumba ndi mitengo, zonse Richardson anachita kudula m'zithunzi zapenti zomwe akatswiri a ku Ulaya anajambula kalekale, monga Hieronymus Bosch ndi Pieter Bruegel. Mayina awiriwa ndawamva lero koyamba.

Lachitatu

Nkhani yake ndaimvetsa tsopano, ndipo ndaseka mpaka misozi. Munthu amene ndikumuyendetsa wapita kutchalitchi kukalapa machimo akuluakulu 7 aja: kunyada, umbombo, chilakolako, kaduka, kususuka, mkwiyo ndi ulesi. Akuluakulu a mpingo amuyankha kuti machimowo anawachitira kunja kwa parishi yawo, choncho sangamuthandize pokhapokha atawachitanso onse m'dera lawo. Aliyense amene anabwezedwapo pa ofesi chifukwa fomu yake inadindidwa kwina aimva msanga nthabwala imeneyi.

Koma ndakakamira. Ndazungulira malo omwewo madzulo onse osapeza chochita.

Lachisanu

Chomwe chimandikakamiza ndachidziwa: maso anga amathamangira pakati pa chithunzi, pomwe chinthu chofunika chimakhala m'mphepete, m'manja mwa kamunthu kakang'ono kapena pansi pa tebulo. Ndayamba kuyendetsa mausi pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya, ngati mayi wosankha timiyala mu mpunga. Ndaphunziranso kuwerenga zonse zomwe anthu a mu gemu akunena, chifukwa yankho nthawi zambiri limabisala m'mawu ooneka ngati nthabwala chabe. Chingerezi chake n'chokuluwika penapake, ndipo ndimaima kaye kufufuza tanthauzo.

Nyimbo zake n'zachikale. Poyamba zimandigonetsa tulo, koma lero ndazipeza zili m'mutu ndikutsuka mbale.

Loweruka

Ndafufuza zithunzi zenizenizo pa intaneti. Dzina la gemuyi likupezekanso m'dzina la chithunzi chomwe amati anajambula Bosch, chosungidwa ku Museo del Prado mumzinda wa Madrid. Pakati pake pali bwalo lalikulu looneka ngati diso, logawidwa m'machimo 7 aja, ndipo m'ngodya zinayi muli imfa, chiweruzo, kumwamba ndi gehena.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi The Procession to Calvary, chomwe Bruegel anajambula mu 1564 ndipo chili ku Vienna. Richardson anatengako dzina la gemu yake yotsatira, ya mu 2020. M'chithunzichi, Yesu wagwa ndi mtanda pakatikati, koma ndi wamng'ono zedi, womira m'chikhamu cha anthu otanganidwa ndi zawo. Ena akukangana, ena akuthamangira kukapeza malo abwino oonera. Sabata yatha ndikanangodutsa osamuona. Lero ndakhala pa chithunzichi nthawi yaitali, ndikuyendera munthu mmodzimmodzi, ndipo ndaona kuti zoseketsa ndi zomvetsa chisoni zinalimo kale m'zojambulazi. Richardson anangozipatsa miyendo ndi pakamwa.

Lamulungu

Monga munthu wopemphera, pali nthabwala zina zomwe zandilemera, ndipo m'zithunzi zina muli anthu osavala. Si gemu yopatsa ana. Komabe mmene ndikuonera ine, chomwe ikuseka kwenikweni ndi anthu osandutsa kulapa kukhala nkhani ya malire ndi malamulo.

Machimo ena sindinamalize kuwapeza, ndipo mayankho a pa YouTube ndikuwapewa dala. Ngati muli ndi kompyuta komanso mtima wodekha, iyeseni, koma mukamaliza mukaonenso zithunzi za Bruegel zenizenizo pa sikirini yaikulu.